Madzi a m'migolo ya a Josiane Rullier

Mphekesera inayambira kogulitsira buledi, komwe zimayambira mphekesera zonse za ku Segonzac kuno, yoti a Josiane Rullier akuthira madzi mu mowa. Amene anaona ndi Honoré wamakalata, munthu woti magalasi ake amaona za eni zokhazokha, manambala a nyumba ayi. Akuti anapeza paipi itachokera pachitsime n'kukalowa m'shedi ya migolo, ikukhuthula madzi m'mawa wonse. Pofika Lamlungu nkhani inali itanenepa: eti akhala akuchita zimenezi chimwalirireni amuna awo.

Paipiyo inalipodi. Madzinso ankalowadi m'migolo. Zinazo ndi bodza, ndipo ndikudziwa chifukwa a Josiane ndi alamu anga, akazi a malemu achimwene anga a Fernand, komanso pampu ya pachitsimepo ikakana amaitana ine.

A Josiane anabadwira pamunda wa mphesa womwe akukhalapowo. Bambo awo, a Aristide, analibe mwana wamwamuna, ndiye ntchito yotcheza mowa anaphunzitsa mwana wamkaziyo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankadziwa kale, ndi mphuno yokha, pomwe mutu wa mowa wathera ndi pomwe mowa weniweni wayambira. Achimwene anga anangolowa pakhomopo ngati mkamwini wa pathirakitala, moto ndi migolo sankakhudza. Tsiku la ukwati ndinafunsa mkwatibwi kuti wawakondera chiyani achimwenewo. Anati, "Salongolola ngati inu." Papita zaka makumi atatu ndi zisanu, chobwezera sindinachipezebe.

M'shedimo muli migolo makumi asanu ndi limodzi ya matabwa a thundu, ina yakale kuposa ine. Mgolo watsopano umaupatsa mowa ukali wa mtengo. Wakale, womwe wamwa mowa zaka makumi anayi, umangoufewetsa pang'onopang'ono, ndipo wotero sungaupeze kusitolo.

Mowa wathuwu ife timangoulawa, omwa ali ku America ndi ku China. Ndiye a ku America ataopseza kuti akweza msonkho pa mowa wochokera kuno, kuno kunazizira. Akuti ankabwezera msonkho womwe akuluakulu athu oyendetsa zamalonda, a ku Brussels, ankafuna kuika pa mowa wawo, pa mkangano womwe unayambira pa zitsulo. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma ngakhale ophunzirawo palibe amene wandifotokozera chibale cha chitsulo ndi mphesa.

Kampani yaikulu yomwe imagula kwa a Josiane inachita phuma. Mu Malichi inatumiza magalimoto a matanki sabata yathunthu, kupopa mowa wonse wokhwima kuti sitima zikafike tsidya lija msonkho usanayambe. Migolo makumi anayi inatsala yopanda kanthu. Mowa watsopano unali utalowa kale m'migolo inayo, wothiramo panalibe. Kenako tsiku la msonkho analisuntha. Analisunthanso. Pawailesi nambala inkasintha ngati mphepo: lero yaikulu yoopsa, mawa yatsika, mkuja akukambiranabe. Mosungira katundu tsidya lija mutadzaza, kampani inalemba kalata yoti ulendo uno igula gawo limodzi lokha mwa magawo atatu.

Mgolo wopanda kanthu sukhalitsa. Kukatentha matabwa amauma n'kufota, malamba achitsulo amagwa, mgolo n'kumwazika ngati mtolo wa nkhuni womasuka. Kunabwera bambo wina wa ku Angoulême, wogula migolo n'kumaidula pakati kuti anthu azidzalamo maluwa. Alamu anga anamuperekeza mpaka pageti, osamupatsa ndi khofi yemwe.

"Alamu, gulitsankoni khumi," ndinatero ine. "Maluwa nawonso akufuna pokhala."

"Ndigulitsa inuyo, akudzaleni maluwa m'kamwamo, mwina mungatsekeko. Kayatseni pampu."

Madzi aja anayamba choncho. Mgolo ukakhala wodzaza matabwa safota, koma madziwo amafunika kusintha milungu iwiri iliyonse kuti asaole. Migolo makumi anayi, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ali yekha, ine wothandiza Loweruka lokha, komanso theka la nthawiyo ndikulankhula. Alamu anga ankati akuluakuluwo akangogwirizana migolo idzafunika yonse, nanga idzapezeke ili maluwa? Mu Ogasiti chitsime chinatsala pang'ono kuphwa. Madzi a m'migolo ya kumbuyo anakhala mwezi ndi theka osasinthidwa.

Mphekesera ya Honoré inakafika mpaka ku kampani. Mu Seputembala kunabwera wolawa mowa wawo, a Lavergne, nkhalamba yoonda yomwe inkagulanso kwa a Aristide. Tonse tinkadziwa kuti akangokayika, ngakhale kagawo kotsala kaja kapita, ndipo kuno munthu akatchuka ndi mowa wamadzi palibenso kampani ina ingamugogodere.

Anayambira ku migolo makumi awiri ya mowa ija. Ankatunga, kununkhiza, kulawa, kulavula. Atamaliza anapukuta pakamwa.

"Mowawu uli bwino, mayi. Ndinadziwa ndisananyamuke, kungoti akuofesi amafuna pepala."

"Ndiye lembani pepalalo muzipita."

"Nditsegulirenkoni inayo."

"Mulawanso madzi, bambo Lavergne?" ndinatero. "Samalani, thupi lanu silinawazolowere."

Palibe anaseka. Alamu anga anaima kaye pang'ono, kenako anatenga nyundo n'kuyamba kuchotsa zotsekera. A Lavergne ankaweramira pa kabowo ka mgolo uliwonse. Ya kutsogolo ankangodutsa. Atafika kumbuyo anatulutsa choko m'thumba n'kulemba mtanda pa mgolo woyamba. Wachiwiri mtanda. Ndinawerenga mitanda khumi ndi umodzi, ndipo isanu ndi iwiri inali pa migolo yomwe a Aristide anawotchapo dzina lawo ndi chitsulo chamoto.

"Madzi aola, fungo lalowa m'matabwa," anatero a Lavergne, mawu ali pansi. "Mowa wolowa umu sitidzagula."

"Singatsukike?" ndinafunsa ine.

"Afunseni alamu anuwo. Mphuno yawo imaposa yanga."

Ndinayang'ana alamu anga, ndipo ndinaona kuti ankadziwa kale. Mphunoyo inali itawauza kuyambira mu Ogasiti, iwo n'kumapitirizabe kukoka paipi.

"Nanga chaka chamawa mugula mowa wochuluka bwanji?" anafunsa a Josiane.

"Tikudikira a ku Brussels, mayi. Akumananso ndi a ku America Lachinayi."

"Lachinayi liti? Chiyambire Malichi muja ndi Lachinayi lokhalokha."

A Lavergne anabweza choko m'thumba. Galimoto yawo itatuluka pageti, alamu anga anandipempha nambala ya bambo wa ku Angoulême uja. Nthabwala ndinali nayo pakamwa, koma ndinaimeza.

Loweruka lotsatira tinakweza migolo khumi ndi umodzi palole ya bambo uja, kenako ndinaperekeza alamu anga kokagula buledi. Mzere unali wautali, ndipo Honoré anali pomwepo ndi chikwama chake. Atationa anakweza mawu kuti onse amve.

"Mayi Rullier, tamva kuti kunabwera alendo. Ndiye atani, aukonda mowa wa pachitsime?"

Anthu anayang'ana pansi, makutu ali tcheru. A Josiane analipira buledi wawo, kumuika kukhwapa, n'kutembenuka.

"Honoré, kuti munthu athire madzi mu mowa, ayambe wakhala nawo mowawo. Ine ndimathira madzi m'migolo yopanda kanthu, ndipo yandiolera khumi ndi umodzi. Kauze anthu zimenezo, ukatero ubweretse makalata anga omwe wakhala ukusiya kwa aneba."