Agogo aNangondo Anathera Pageti

Fungo la dizilo losakanikirana ndi la tchipisi likandipeza pa siteshoni ya sitima ya Leicester, ndimawaona agogo aNangondo atavala chijekete cha mkamwini wawo pamwamba pa chitenje, chikwama cha mlendo chili m'manja, akudula khamu la anthu pa London Road ngati msewuwo anaulambula okha. Sanali agogo anga enieni. Ankakhala pamwamba pathu ku Highfields, kuseri kwa siteshoni, komwe nyumba n'zothithikana mpaka umamva mnzako akutsokomola, ndipo sitima ikamadutsa makapu ankalira m'kabati. Anabwera kudzalera adzukulu, poti mwana wawo, anti Chrissy, anali nesi limodzi ndi amayi anga. Ine ndinali kamtsikana kongofika kumene kuchokera ku Zomba.

Kuzizira ankakupirira, ufa wa kuno ankaunyoza uku akudya, koma chimodzi sankachilola: mlendo kuchoka osaperekezedwa. Kaya ndi wophunzira wa ku Loughborough wodzadya nyemba Lamlungu, kaya mayi wa kutchalitchi, ankamulanda chikwama, kutsika naye mpaka papulatifomu, n'kuima chilili kufikira sitima itabisika. Ine ndinkawatsatira chifukwa pobwerera ankandigulira maswiti.

"Mayi, kuno timangobayibitsana pa door," anti Chrissy ankadandaula. "Anthu ali busy."

"Wotsanzikana naye pakhomo ndi amene mwayambana," ankayankha agogo. "Munthu amaperekezedwa."

Kenako pasiteshoni anaikapo mageti otseguka ndi tikiti basi. Tsiku loyamba agogo analikankha getilo ndi chiuno, koma silinasunthe. Atafuna kukalankhula ndi bambo woyang'anira mageti, amayi anga anawakoka mkono.

"Agogo, chonde musatiputire milandu. Mapepala athu ndi atsopano."

Masiku amenewo tinkaopa aliyense wovala yunifolomu, ngakhale wosesa. Kuyambira pomwepo agogo ankathera pageti, n'kubwerera akung'ung'udza njira yonse kuti amusiya mlendo pakati pa mtsinje.

Nthawi yawo yokhala kuno itatha, anayenera kubwerera ku Malawi, ndipo tonse tinkadziwa kuti pa msinkhu wawo sadzabweranso. Mdzukulu wina ankakawachingamira ku London kuti akawakweze ndege. Tsikulo kuntchito anawakaniza anti Chrissy kusintha shifiti, mkamwini nayenso anali kuntchito, choncho owaperekeza tinali amayi ndi ine. Unali m'mawa, anthu ali pikitipikiti kuthamangira sitima. Titafika pageti, amayi anamuyang'ana bambo wa yunifolomu uja, kutsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Basi, mwayesetsa ana anga," anatero agogo. "Bwererani."

Anandisisita kumutu, analowetsa tikiti yawo, geti n'kutitsekera kunja. Tinawaona akukoka chisutikesi chachikulu okhaokha, anthu othamanga akuwagunda mapewa, mpaka mpango wawo unazimirira m'khamumo. Mayi amene anaperekeza Amalawi a m'dera lonse lija anakakwera sitima popanda wowanyamulira katundu kapena wowaimikira dzanja. Amayi analira njira yonse yobwerera kunyumba. Agogo anamwalira kwawo ku Dedza patapita zaka zingapo, tisanaonanenso.

Nditakula ndinayamba kukwera sitima pomwepo popita ku yunivesite. Tsiku lina ndinaona mnyamata akuuza woyang'anira mageti kuti akufuna kuthandiza agogo ake kunyamula katundu. Woyang'anirayo anamutsegulira akumwetulira, osafunsa n'komwe dzina. Ndinaima pamenepo, sitima yanga mpaka kundisiya. Kani kunali kungopempha!

Madzulo ake ndinawafotokozera amayi. Iwo anati, "Usadzandiuzenso zimenezo."

Lero amayi anasamukira ku Evington, ndipo mlendo amamuperekeza pa galimoto. Ine ndidakali pafupi ndi siteshoni. Aliyense wobwera kwanga ndimamulanda chikwama, ndimapita kwa woyang'anira mageti n'kupempha ndi pakamwa panga, ndipo nthawi zambiri amanditsegulira. Anzanga amandiseka kuti ndine wachikale. Koma geti likamatseguka mosavuta chonchi sindisangalala ayi, mtima umandiwawa, chifukwa munthu amene ndinkafunitsitsa kumufikitsa pakhomo la sitima anapita kale yekha.