Kachewere wa Pamaliro

Amuna awo atamwalira, mayi Zulmira a ku Ntengo-Wambalame anatsala ndi ana, munda, ndi thumba la kachewere wambewu amene malemuwo anasankha ndi manja awo. Koma pamaliro amayi ophika, posadziwa, anakhuthula thumbalo n'kuphikira anamalira.

Atapeza makoko okhaokha, mayi Zulmira anagwada pomwepo.

"Mulungu, mwatenga mwiniwake, mwatenganso mbewu. Ine sindikumvetsa, koma mundawu ndi wanu."

Mvula itayandikira, anaunga mizere yonse ngakhale analibe chodzala. Amayi ophika aja ataona mizereyo anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi kambale ka mbewu, wina atafukata m'nsalu.

Mpaka lero kachewere wa m'munda mwa mayi Zulmira amatuluka wosakanikirana, wofiira ndi woyera. Ogula amadandaula, koma mayiwo amakana kumupatula.