Khutu la Kumanzere la Mayi Simbi

Ankangomutcha Mayi Simbi, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ankakhala chiimire pa thebulo la pabalaza, kusita zovala za anthu ena. Malaya a aphunzitsi, mayunifomu a alonda, madiresi a maphwando omwe iye sanaitanidweko, zonse zinkadutsa pansi pa dzanja lake. Chingerezi cholemba ankachitha, kuwerenganso osadodoma. Chomwe chinkamugwetsa ndi kumva. Munthu akayamba kuyankhula pa wailesi, mawu ankathamanga ngati madzi a m'ngalande, iye kutola limodzi, ena onse apita.

Tsono mayeso olowera kusukulu ya osamalira odwala anali ndi gawo lomvetsera. Gawo limeneli linali litamugwetsa kale, ndipo anamuuza kuti mwayi watsala umodzi. Sukuluyo inali ndi malo ogona ophunzira. Kwa ena limenelo ndi bedi chabe, koma kwa Mayi Simbi chinali chitseko chomwe mwamuna wake analibe kiyi wake.

Mwamunayo anali makaniko, anzake ankamutcha Sipanala. Kugalaja anali wanthabwala, wosekerera makasitomala mano onse pamtunda. Kunyumba chinali chilombo. Kolala ikapindika, mbama. Madzi osamba akazizira, chibakera. Anamuthyolapo chala pochipanitsa ndi chitseko, anamugendapo ndi mpando, ndipo tsiku lina anamukoka tsitsi kuchoka kukhitchini mpaka kuchipinda, aneba akukweza mawailesi awo kuti asamve. Amantha amenewo m'mawa mwake anabwera ndi zovala zoti asitiridwe, osafunsa n'komwe za diso lotupalo.

Choncho Mayi Simbi anali katswiri womvetsera, kungoti osati Chingerezi. Ankadziwa kusiyana kwa geti lokankhidwa ndi dzanja ndi geti lomenyedwa theche. Makiyi akaikidwa pathebulo, kunali mtendere. Akaponyedwa, ankachotseratu zosweka pafupi.

Loweruka lililonse ankazemba kupita kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, amayi achikulire omwe ankaphunzitsira kuseri kwa shopu ya telala.

"Musamathamangire liwu lililonse, mayi," aphunzitsiwo anamuuza. "Imvani kaye kuti akuyankhula ndani, ali kuti, wakwiya kapena akupempha. Mawuwo abwera okha pambuyo."

Mayi Simbi anaseka mpaka aphunzitsi kudabwa. "Zimenezo ndiye ndimachita tsiku ndi tsiku, aphunzitsi."

Aphunzitsiwo anamuikira mufoni mawu ojambula: wolengeza mabasi padepoti, mzimayi wodandaula m'sitolo kuti amugulitsa ketulo yakufa, dokotala wophunzitsa za kayendedwe ka magazi. Ankamvetsera akusita, koma ndi kahedifoni kamodzi basi. Khutu la kumanja linali la sukulu, la kumanzere linali la geti. Lamulo limeneli sankaliphwanya, chifukwa Sipanala anali ataswa kale wailesi pakhoma. "Ukufuna Chingerezi kuti uzikandijeda ndi madokotala, eti? Iwe ntchito yako ndi simbi," anatero tsiku limenelo, akuponda zidutswa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alembe, aphunzitsi anamulangiza pafoni. "Mawa akakuvekani mahedifoni makutu onse awiri. Yesererani ngakhale kamodzi, kuti zisakakudzidzimutseni." Anali malangizo abwino ndithu, ochokera kwa munthu yemwe sanamenyedwepo.

Masana Sipanala sankabwera kunyumba. Mayi Simbi anasuzumira pawindo, msewu uli zii, ndipo analowetsa timahedifoni tonse tiwiri. Dokotala uja anayamba kuyankhula ngati ali mkati mwa mutu wake. Mtima umakankha magazi, magazi amapita ku mapapo kukatenga mpweya, kenako amabwerera. Anamva chiganizo choyamba chonse, chachiwiri chonse, mpaka phunziro lonse osataya kanthu. Misozi ya chimwemwe inagwera pa malaya a mwini wake, iye n'kuisita pomwepo.

Geti lomenyedwa theche sanalimve. Makiyi oponyedwa sanawamve. Sipanala anali atamenyana ndi abwana ake, amuthamangitsa ntchito, ndipo anapeza mkazi wake akumwetulira yekha maso ali otseka.

Mbama inatera pa khutu la kumanzere, kahedifoni kali momwemo. Mkati munaphulika kanthu, munalira likhweru lalitali, kenako chete. Magazi ofunda anatsikira m'khosi. Mayi Simbi anagwera pa mulu wa zovala, akuona kamwa la mwamunayo likutukwana koma mawu akubwera mbali imodzi yokha. Sipanala anaponda foni ndi jombo mpaka kuphwanyika, anamudzutsa ndi tsitsi, n'kumukanyanga pakhosi atamupanikiza pathebulo.

"Ndinati chiyani ine? Ndinati chiyani, iwe?"

Mpweya unatha. Dzanja la Mayi Simbi linafufuza pathebulo, n'kupeza chomwe linkachidziwa kuposa china chilichonse. Anadinda simbi yamoto pa mkono wa Sipanala, ndipo sanaichotse msanga. Fungo la khungu lopserera linadzaza pabalaza. Chimunthu chija chinalira mokuwa, chikugubuduka pansi, moti ulendo uno aneba anazimitsa mawailesi kuti amve bwino. Mayi Simbi anatuluka wopanda nsapato, osacheuka, mpaka kwa achemwali ake kutsidya kwa msika.

M'mawa mwake analowa m'chipinda cha mayeso ndi diresi lobwereka, thonje m'khutu, mlomo wotupa, pakhosi zala zikuoneka. Woyang'anira mayeso anamuyang'ana mwachisoni pomupatsa mahedifoni.

"Mayi, mukwanitsa koma?"

"Ndinazolowera khutu limodzi, bwana."

Mawu anayamba. Kumanzere kunali chete, kukupweteka ngati mwalowa msomali, koma kumanja kunali mwamuna wina akufunsa za basi. Sanathamangire liwu lililonse. Anamva kaye kuti munthuyo ali padepoti, wachedwa, ndipo akubisa mkwiyo. Pa mkwiyo wobisika, m'chipinda chonsecho munalibe womuposa. Mawuwo anabwera okha pambuyo, ndipo anakhoza.

Kuchipatala anamuuza kuti khutu la kumanzere silidzamvanso. Analira kwambiri, ndipo mpaka lero zimamuwawa, chifukwa khutu limenelo linamulondera zaka zonse zija, iye n'kulipumitsa tsiku limodzi lokha. Sipanala akuyendabe ndi chipsera chooneka ngati simbi pamkono, amauza anthu kuti inali injini.

Masiku ano Mayi Simbi amagwira ntchito muwodi ya amayi. Madokotala akamathamangitsa Chingerezi chawo, iye amaima mopendeketsa mutu, n'kumva zonse. Akaweruka masana amakagona m'kachipinda komwe amakhala ndi mnzake wapantchito, khutu labwino atalikanikiza papilo, lakufalo lili kumwamba.

"Amwali, mukagona chonchi, munthu akagogoda mumva bwanji?" mnzakeyo anafunsa tsiku lina.

"Agogode," anayankha Mayi Simbi, akukoka bulangeti. "Ine geti ndinasiya kulimvetsera."