Masipika a Madalitso atiyalutsa kwa alendo a ku Manja

Moni nonse. Lero tayaluka kuno ku Naperi.

Alendo a ku Manja anabwera kudzafunsira mbeta Tadala, ine n'kuwalandira pabalaza monga malume ake. Mukuidziwa ampulifaya ija anaika mwana wanga Madalitso, yoti foni yake pa Wi-Fi izilamula masipika a m'zipinda zonse. Mwiniwakeyo anali kuchipinda, foni ikadali yolumikizidwa kunyumba yonse chiimbire nyimbo za m'mawa. Kenaka anatsegula uthenga wa mawu umene azakhali a Tadala, a Nabanda, anaika pagulu lathu la pafoni lino.

Kudenga kunamveka kuti: "Mkamwini wake ndi uja wa nsapato zobwereka?" Mawu oyera bwino, mpaka kubafa. Malume a mnyamatayo anayang'ana mapazi a mphwawo, n'kuika kapu pansi. Anyamuka osatchula tsiku la chinkhoswe.

Buku la malangizo a ampulifayayo ndinasunga, ndi katoni yomwe. Madalitso anati kuwerenga n'kwa achikale.

Tsono akapepese ndani ku Manja, wolankhulayo kapena injiniya wathuyu? Yankhani molemba, chonde. Makinawo akadali oyaka.