Tsiku Limene Tinawalanda Makiyi a Namakhwa

A Bonifasi Namakhwa anabadwira ku Bangwe. Makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Sukulu analekeza Fomu 2. Anakonza mawailesi pamsika zaka khumi ndi ziwiri, mpaka anthu anasiya kukonzetsa mawailesi. Kenako tinawalemba ntchito pa tchalitchi chathu: kusesa, kutsegula zitseko, kuyang'anira zokuzira mawu. Ine ndinali wapampando wa komiti.

Chaka china mpingo unalandira makompyuta asanu akale. Tinawaika m'kachipinda ka kuseri. A Namakhwa anadziphunzitsa okha, kenako anayamba kuphunzitsa amayi Lachinayi akatuluka m'mapemphero. Vuto linali mausi, kachipangizo kogwira ndi dzanja koyendetsera kompyuta. Amayi ankaiopa, dzanja limauma. A Namakhwa anaganiza kuti gemu ya dirafuti ingawazoloweretse.

Zotsatirazi ndinazidziwa mochedwa. Pa intaneti pali magemu amene eni ake amapereka ulere, pamodzi ndi malangizo onse amene analemba powapanga. Munthu amatha kusinthamo zimene akufuna, koma akatero kompyuta iyenera kumanga gemuyo kuchokera ku malangizowo. A Namakhwa anachotsamo mawu a Chingerezi n'kuikamo a Chichewa. Pa makina akale ngati athu kumangako kumatenga maola. Anali atayesa kanayi, zikulekera panjira, kawiri chifukwa cha kuzima kwa magetsi.

Lachitatu lina masana Mayi Ida Chikopa, mmodzi wa amayi ophunzirawo, anafika kunyumba kwanga. Sabata yomweyo akuba anali atawabera ndalama za pafoni.

"A Tcheya, tiyeni mukaone nokha zimene wantchito wanu akuchita."

Tinapita. A Namakhwa anali panja akutchetcha udzu. M'kachipindamo kompyuta inali yokha, sikirini ili bii, malemba oyera akuthamanga popanda woikhudza.

"Manambala athu amenewo," anatero Mayi Chikopa. "Tonse tinalembetsa manambala a foni kwa iwowa. Ikutipopa."

Ndinawaitana a Namakhwa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ikumanga gemu, a Tcheya. Chonde musaizimitse, yatsala pang'ono."

"Gemu yanji yopanda chithunzi?"

"Chithunzi chibwera ikamaliza. Theka la ola basi."

Sindinadikire. Ndinali ndi maliro ku Namiyango. Ndinazula chingwe, n'kuwauza kuti andipatse makiyi. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kundipatsa.

Lamlungu pa zolengeza za mapemphero achiwiri, tchalitchi chitadzaza, ndinanena kuti a Namakhwa tawaimitsa kaye pa nkhani yokhudza mafoni a akhristu. Mawu oti wakuba sindinawatchule. Anthu anawatchula okha.

Patapita masabata awiri tinaitana a Howard Muhiwa, mphunzitsi wa makompyuta ku sekondale. Anayatsa, anawerenga, anataipa mawu angapo, malemba aja anayambanso kuthamanga. Ulendo uno ndinakhala pa benchi n'kudikira. Malemba ataima, panatuluka bolodi ya dirafuti. Pansi pake panalembedwa kuti "Yambani".

"Wakuba wanu ndi ameneyu, a Tcheya," anatero a Muhiwa akuseka. "Musewera zoyera kapena zakuda?"

Mawa lake ndinapita kwa a Namakhwa ku Ntopwa. Ndinawapeza pakhonde akukonza mbaula yamagetsi ya mnansi wawo. Ndinaika makiyi pa mpando.

"Tinalakwitsa."

"Inamaliza kumanga?"

"Inamaliza."

"Mawu aja akukwana m'timabokosi? Ndimaopa kuti 'Yesaninso' watalika."

"Akukwana."

Anamangitsa kawaya, kenako anadzutsa mutu.

"Makiyi nditenga. Koma munandiimitsa anthu akumva, a Tcheya. Mukanenenso anthu akumva. Mayi a kunyumba kuno akapita kumjigo anzawo akumabisa mafoni m'chitenje."

Ndinalonjeza. Lamlungu lotsatira ndinalengezadi kuti a Namakhwa alibe mlandu. Koma ndinalengeza pa mapemphero oyamba, a sikisi koloko m'mawa, kukugwa mvula, anthu osakwana makumi atatu. Nthawi imeneyo ndinaisankha ndekha. Ndinkachita manyazi kuimirira pamaso pa anthu mazana anayi n'kunena kuti munthu wa imvi ngati ine ndinalephera kudikira theka la ola.

Lolemba akazi awo anabweretsa makiyi atakulunga m'pepala. Anandipatsa n'kubwerera.

Pano a Namakhwa akukonza mafoni pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Amapemphera kwina. Tikakumana pa siteji amandipatsa moni bwinobwino, n'kufunsa ngati makompyuta akuyakabe. Atatu akuyaka. Amayi amasewera dirafuti ija, ndipo ena mwa iwo akukhulupirirabe kuti bamboyo anathawa mlandu.

Mapemphero achiwiri amachitika Lamlungu lililonse. Papita zaka ziwiri, sindinaimirirebe.