Nsomba za Pansi pa Bedi

Inu amene mwatopa ndi kusekedwa, tamvani za mayi wina wophwanya miyala.

Mayiyu analephera mayeso kawiri. Mwamuna wake atamwalira, anatsala ndi nyundo yokha, n'kumagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya alamu ake. Tsiku lina akuphwanya miyala kuphiri, mwala unang'ambika pakati ngati buku, m'katimo muli nsomba yakalekale yosanduka mwala, mutu wake wokutidwa ndi mafupa ngati chigoba cha kamba. Ina anaipeza ili ndi timafupa ta m'zipsepse tofanana ndi ta dzanja. Pakutha pa chaka, pansi pa bedi panali miyala khumi ndi iwiri.

"Mlamu, nsomba zanuzi tidzaziphika liti?" anafunsa alamuwo. "Loweruka amisiri akubwera. Miyala yonseyi ilowa m'maziko a chimbudzi."

Mayiyo anasenza umodzi kupita kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Mlonda anati miyala sagula. Mawa lake kalaliki anati alembe kalata, ndipo kalatayo inasowa. Lachitatu kalaliki yemweyo anamufunsa kuti nsombayo paphiri inakwerapo bwanji. Anthu ena udindo amaudziwira pa kubweza anzawo basi.

Lachisanu anapitanso n'kukhala pakhonde pa nyumba ya zinthu zakaleyo. Kenako anamva kugogoda. Atasuzumira pawindo, anaona katswiri wovala magalasi akukhoma mwala mopingasa mizere yake. Apa ulemu unamuthera.

"Bambo, nsombayo muipha kachiwiri. Mwala timayamba taumvera."

Mlonda asanamugwire, anali atalowa kale. Mwalawo anaugogoda mbali zonse, khutu lili pafupi, n'kumenya kamodzi. Mwala unatseguka, mamba onse ali bwinobwino. Katswiri uja anavula magalasi. Ataona mwala wa mayiyo, anamuuza kuti phirilo linali pansi pa madzi nyama zisanayambe kuyenda pamtunda.

"Muli nayo ina?"

"Ndili nayo mpaka mawa m'mawa."

Galimoto ya katswiriyo inafika kwa alamu aja amisiri akusakaniza simenti. Miyala itatu inali italowa kale m'maziko, pamodzi ndi woyamba uja. Mpaka lero mayiyo zimamuwawa.

Pano ndiye amatsegula miyala yonse yofika kunyumba ya zinthu zakale ija, ndipo mlonda yemwe uja amamutsegulira chitseko. Alamu nawo amauza aliyense kuti luso limeneli analiona kalekale.

Akakubwezani katatu, kwiyani ndithu, koma pitaninso kachinayi. Musataye mtima, ndipo nyundo yanu musaisiye kunyumba.