Mtsuko wa Naphiri

Ndinadzuka tambala asanalire, khosi litauma chifukwa ndinagona chotsamira khoma. M'nyumba ya siwa amayi a mpingo anali atasasa mawu, nyimbo ikungotulukira m'mphuno. Pamphasa panagona akulu anga, Naphiri, amene anachoka kwathu ku Tsangano pa chitengwa kudzakhala kwa amuna awo ku Chidzolomondo. Anaponda mina, bomba lija ankhondo ankakwirira m'njira, akupita kuchitsime mbandakucha. Uthenga utatipeza, ine ndi amalume tinabwera wapansi, modzera m'tchire.

Kunja kunali chifunga ndi mphepo yolasa m'mafupa. Amayi ophika anasonkha moto ndi nkhuni zomwe anapeza zitasanjidwa kuseri kwa nkhokwe. Ufa unali wosinjasinja m'dengu, mfutso uli m'chikwatu, mchere utabisidwa kudenga kuopa matropa, asilikali aja. Aliyense ankangotenga. Sindinamve ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti zonsezi anakonza ndani.

Chimene chinasowa ndi madzi. Otsala mumtsuko waukulu, amene akulu anga anatunga komaliza, tinawasambitsira nkhope. Kutayera, alamu anatuluka ndi sabawu wosambira m'manja, nasuzumira kubafa, n'kupeza mbiya ili gwa.

“Naphiri! Madzi?”

Anaitana mwachizolowezi. Ine ndinkayesa alira. Iwo anangotsonya n'kubweza sabawu m'thumba.

Anthu anafika ambiri, ena atasenza ndi mitolo yomwe, poti masiku amenewo munthu sankadziwa kumene agone. Onse ankafuna kumwa, koma wopita kuchitsime panalibe. Mayi wina wachikulire, tikusenda mbatatesi, anandinong'oneza kuti chiyambire nkhondo palibe ankaponda njira imeneyo Naphiri asanabwereko. Akazi ankadikira pakhonde mpaka amuone akutulukira ndi mtsuko pamutu. Amuna opita kudimba nawonso ankatero. Apongozi ake ndiwo ankamudzutsa kukali mdima, ati mtengwa sagona mpaka dzuwa. Mpeni unandigwa m'manja. Mudzi wonse unkayenda pa mapazi a mbale wanga, ndipo unkadziwa.

Mapeto ake anatsogoza mbuzi ziwiri m'njiramo, anyamata akuzitsata chapatali ndi malata. Mwini mbuzi anadandaula kwambiri. Sindinamve kuti za Naphiri anadandaulapo choncho.

Tinanyamuka ulendo wa kumanda dzuwa lili pamutu, mwachangu, poti kumapiri a ku Furancungo kunkamveka mfuti. Matabwa kunalibe, adzukulu anakulunga akulu anga mumphasa. Kumanda mkulu wa mpingo anayamika alamu kuti ndi munthu wopirira. M'bale wa alamu anathokoza amene anapereka chimanga. Za akulu anga anangoti anali munthu wachete, wosayambana ndi anthu. Moyo wonse wa kusinja, kuzira ndi kusenza unathera m'mawu amenewo. Ndinakwiya mpaka misozi inauma.

Atatha kukwirira, adzukulu anapempha chiwiya cha malemu kuti achiboole n'kuchisiya pamtumbira monga mwa mwambo. Mtsikana wina anali atanyamula mtsuko uja. Apongozi anamulanda.

“Umenewu ayi, ngwabwinobwino. Tengani kambale ako kong'aluka.”

Pobwerera ndinaona amalume ndi alamu atapatuka pansi pa mtengo wa masuku, mitu pamodzi. Ndinali ndisanakwatiwe, ndipo akulu anga anasiya kamwana koyamwa. Amalume atandiitana sanandiyang'ane kumaso. Anati kwathu anthu akuthawira ku Malawi, njira ndi yoopsa, mwana afuna womulera, nyumba ya mbale wanga isazizire. Ndinati nditenge mwanayo tizipita, si wathu kodi? Anati nkhani yatha kale pakati pa akuluakulu. Ananyamuka dzuwa lisanapendeke, atapachika nkhuku paphewa.

Madzulo anthu anabalalika, ena kukagona kuthengo. Moto wa pabwalo unazilala. Mbale zinali mbwee, ndipo palibe anazigwira kufikira nditazitolera ine. M'nyumba munali bata, kamwana kokha kakufufuza bere pachifuwa panga. Alamu anadya, nasiya mbale pomwe anakhalapo.

Ndikuyala mphasa, apongozi analowa. Anaika mtsuko uja kumutu kwanga, pamwamba pake nkhata ya akulu anga, ikadali ndi fungo la tsitsi lawo.

“Mbuzi zija mwini wake wakaniza,” anatero. “Mawa mulawire, mwanawe. Anthu amadikira.”